ZA UMOYO M'MUDZI: Kagalasi kosinthika ndi ng'ala ya agogo

Nthenda ya ng'ala siibwera ndi phokoso. Siitupitsa diso, siipweteka, ndipo siigoneka munthu pamphasa monga amachitira malungo. Imayamba ndi tinthu tating'ono. Agogo aakazi amene kale ankasankha nyemba pa lichero osaphonya kamwala ngakhale kamodzi amayamba kusiya timiyala, ndipo ana amadandaula kuti ndiwo zili ndi mchenga. Agogo aamuna amene ankazindikira ng'ombe zawo zikali kutsidya kwa dambo amayamba kufunsa mdzukulu kuti, "Iwe, kodi zikubwerazo n'zathu?" Pakapita zaka zingapo munthu uja sathanso kupita yekha ngakhale kuchimbudzi, ndipo pabanjapo amasankha mwana mmodzi, kawirikawiri mtsikana, kuti aziwagwirira ndodo agogo. Sukulu ya mwanayo imathera pomwepo.

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga nkhani imeneyi yafika pa anthu a msinkhu wodziwika bwino. Amene adathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu n'kubwerera kwawo m'zaka za 1993 ndi 1994 ali abambo ndi amayi a mphamvu zawo, amene adatsegulanso minda imene idamera tchire, lero ndiwo nkhalamba za m'midzi. Munthu amene adabwerera ali ndi zaka 35 tsopano adadutsa kale zaka 60, ndipo umenewu ndiwo msinkhu umene ng'ala imakonda.

Masiku ano nkhani zimayenda msanga pa lamya za m'manja, ndipo imodzi mwa izo ndi yakuti kunja kudapezeka kagalasi koika m'diso kamene dokotala amatha kukasintha mphamvu kali m'diso momwemo, opareshoni itatha kale. Nkhaniyi ndi yoona. Koma ikafika pakhonde ikhoza kusanduka chifukwa china chozengerezera. Mwana wa kutauni, mwa chikondi ndithu, akhoza kunena kuti, "Amayi, musafulumire ndi opareshoni ya kuno, dikirani ndipeze ndalama mudzaikidwe chatsopanocho." Ndipo mayi amene mpeni ankauopa kale angoti, "Wanena bwino mwana wanga," n'kubwerera m'nyumba mwawo kukakhala mumdima chaka china.

Kuti munthu aweruze bwino nkhaniyi ayenera kuyamba wadziwa chimene ng'ala ili. Kuseri kwa kamwana ka diso, kadontho kakuda kaja ka pakati, kuli kagalasi kachibadwa kakukula ngati njere ya chimanga. Pa ubwana kamakhala koyera mbee ngati madzi a pa kasupe, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chigwere bwino kumbuyo kwa diso. Munthu akamakula kagalasika kamachita chimbuuzi pang'onopang'ono, monga choyera cha dzira chimene chimaonekera chikakhala chachiwisi koma chimatsekeka chikaphikidwa. Imeneyo ndiyo ng'ala, ndipo pa khadi la kuchipatala amalemba kuti catarata. Ukalamba ndiwo gwero lake lalikulu, koma matenda a shuga, kusuta fodya, dzuwa la zaka zambiri, kuvulala pa diso ndi mankhwala a mtundu wa steroid omwedwa kapena odonthezedwa nthawi yaitali zimaifulumizitsa.

Vuto ndi lakuti pamudzi mawu oti ng'ala amatchulira choyera chilichonse cha pa diso. Chipsera cha pa kachikopa koonekera ka kutsogolo, chimene chimatsala munthu akadwala chikuku, akakhala ndi chilonda kapena akabayidwa ndi phesi, nachonso amati ng'ala, koma chimenecho sichitha ndi opareshoni yoika kagalasi. Kanyama kamene kamamera kuchokera m'ngodya ya diso ndi nthenda inanso. Palinso glaucoma, imene imapha mtsempha wa diso mwakachetechete ndipo zimene yaononga sizibwerera. Wosiyanitsa zonsezi ndi wa zamaso wa kuchipatala yekha ndi tochi ndi makina ake. Chizindikiro chimodzi chopatsa chiyembekezo n'chakuti diso la ng'ala yeniyeni, ngakhale itakhwima chotani, limazindikirabe kuwala ndipo limaloza kumene kuli nyali.

Popeza ng'ala ili mkati mwa diso, palibe mankhwala odontheza, a kuchipatala kapena achikuda, amene angaisungunule. Timadzi ta masamba, phulusa, shuga ndi zina zimene anthu amathira m'maso zimangofika pamwamba, ndipo pamwambapo ndi pamene zimaotcha. Kafukufuku amene adachitika ku Chikwawa m'Malawi ndi kufalitsidwa m'chaka cha 1994 adapeza kuti mwa odwala matenda a pa kachikopa ka kutsogolo kwa diso, mmodzi mwa atatu alionse anali atathiramo mankhwala achikuda. Diso limene likadachira ndi opareshoni ya mphindi zochepa limatha kufika kuchipatala lili ndi chipsera chimene dokotala sangachichotse.

Akuluakulu ena amene amakana opareshoni ali ndi chifukwa chawo, ndipo si bwino kuwaseka. Iwo akukumbuka opareshoni ya kale. Mpaka m'zaka za m'ma 1990, m'zipatala zambiri za mu Africa dokotala ankachotsa kagalasi kodwalako osaikamo kena m'malo mwake. Diso lopanda kagalasi siliona kanthu bwinobwino, choncho wodwala ankapatsidwa mandala okhuthala ngati pansi pa botolo, amene ankakuza zinthu ndi kupotoza makomo ndi masitepe. Mandalawo akasweka, kapena mdzukulu akawakhalira, munthu uja ankabwerera ku khungu lake, ndipo mudzi wonse unkaona kuti wakuti adapita kuchipatala koma mpaka lero akugwiridwa ndodo. Mbiri yotere siifa msanga.

Chimene chidasintha zinthu chidayambira m'dziko la Mangalande. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dokotala wa maso dzina lake Harold Ridley adaona oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya pa zenera la ndege tidawalowa m'maso. Adadabwa kuona kuti diso silinkalimbana ndi pulasitikiyo monga limachitira ndi chitsotso china. Tizidutswato tinkangokhala phee. Pambuyo pake mwana wina wa sukulu ya udokotala, ataonerera opareshoni ya ng'ala, adamufunsa chifukwa chimene sankabwezeramo kagalasi kena pamalo pa kamene wachotsako. Ridley adapangitsa kagalasi ka pulasitiki ya mtundu womwewo, ndipo pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, adachita opareshoni yoyamba ya njira imeneyi pa mayi wa zaka 45. Madokotala anzake ambiri adamutsutsa kwa zaka zambiri, ndipo ulemu wa boma lake adaulandira m'chaka cha 2000, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire.

Koma pa opareshoni yoyamba ija padachitika chinthu chimene chikukhudza nkhani ya leroyi. Kagalasiko kadakhala bwino m'diso, koma mphamvu yake idaphonya kwambiri, kotero kuti mayi uja sankaona patali popanda mandala amphamvu. Kuyambira tsiku limenelo madokotala a maso akhala akulimbana ndi funso limodzi: kagalasi ka nambala yanji kayenera diso ili? Maso a anthu sali ofanana. Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita 23 kapena 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, koma ena awo ndi aafupi, ena aatali. Tigalasi tambiri toikidwa m'maso timakhala ta nambala yozungulira 21, koma diso lalitali limafuna nambala yotsika ndipo lalifupi limafuna yokwera. Kuphonya ndi milimita imodzi yokha poyeza kutalika kwa diso kumasokoneza kaonedwe ndi nambala 2.5 kapena 3. N'chifukwa chake opareshoni isanachitike amayeza kutalika kwa diso ndi kupindika kwa kachikopa ka kutsogolo, n'kuwerengera nambala yoyenera.

Ngakhale ayeze mosamala chotani, diso likamapola kagalasi kamatha kukhazikika patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono kusiyana ndi pamene dokotala amayembekezera, ndipo chilonda chikamauma chimakoka kachikopa kaja mwa njira yakeyake. Tsono anthu ena amatsala ndi kakuphonya kakang'ono, kamene amakonza ndi mandala wamba a pamphuno. Kakuphonya kameneka ndi kamene kagalasi kosinthika kadabwera kudzachotsa.

Maganizo ake adachokera kwa dokotala wa maso wa ku San Francisco m'dziko la Amereka, Daniel Schwartz, amene m'zaka za m'ma 1990 adapita kwa katswiri wa za mankhwala ndi mapulasitiki, Robert Grubbs wa pa sukulu ya Caltech, kukafunsa ngati kungatheke kupanga kagalasi kosintha maonekedwe kakaunikiridwa. Grubbs ndi yemwe uja adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2005, ngakhale kuti mphothoyo inali ya ntchito ina. Padapita zaka pafupifupi 20 kuti ntchitoyi ikhwime, ndipo mu Novembala 2017 bungwe la boma la Amereka loona za mankhwala, la FDA, lidavomereza kagalasika, kamene kampani ya RxSight imakagulitsa pa dzina loti Light Adjustable Lens.

Kagwiridwe kake ka ntchito akhoza kukamvetsa msanga ndi mayi woumba mbiya. Mbiya ikaumbidwa, dongo likadali lachiwisi, woumba amatha kuikonza mlomo, kuikuza mimba kapena kuiwongola pamene yapendekeka. Ikangootchedwa, basi, yatha. Kagalasika n'kopangidwa ndi silicone, ndipo mkati mwake muli tinthu tina tosaoneka ndi maso timene sitinagwirane, tikungoyandama. Patapita masiku 17 mpaka 21 chichitikire opareshoni, diso litayamba kupola, wodwala amayezedwa monga amayezera wofuna mandala. Kenaka amamudontheza mankhwala okuza kamwana ka diso, n'kumukhazika pa makina amene amaunikira kagalasiko ndi kuwala kwa mtundu wa UV, kuwala kosaoneka kuja kumene kumapezekanso m'dzuwa. Pamene kuwalako kwagwera, tinthu tija timagwirana n'kuuma, ndipo tinzake totsala timasefukira pamalopo, kotero kuti pakatha tsiku limodzi kapena awiri malowo amatukuka pang'ono. Akaunikira pakati, kagalasi kamatukuka pakati ndipo mphamvu imakwera. Akaunikira m'mphepete, mphamvu imatsika. Kuunikira kulikonse kumatenga masekondi 40 mpaka 150, ndipo sikupweteka. Wodwala amapita kunyumba kukayesa maso ake atsopanowo pa ntchito zake, n'kubweranso kudzanena ngati wakhutira. Pomaliza amaunikira kagalasi konse kuti tinthu tonse totsala tiume. Kumeneko ndiko kuotcha mbiya, ndipo kuyambira pamenepo kagalasiko sikasinthikanso.

Luso limeneli ndi lenileni, ndipo alipo anthu amene limawathandiza kwambiri. Munthu amene adachitidwapo kale opareshoni ya laser pa kachikopa ka kutsogolo, diso lake limavuta kuyeza, ndipo kwa iye kukonza nambala pambuyo ndi mwayi waukulu. Chimodzimodzinso munthu amene kachikopa kake sikadazungulire mofanana, kapena amene wafunitsitsa kuti asadzavalenso mandala poyendetsa galimoto.

Koma mbiya yachiwisi imaopa mvula, ndipo kagalasi kachiwisi kamaopa dzuwa. Kuwala kumene makina aja amatulutsa mwa muyeso, dzuwa limakutulutsa mopanda muyeso. Choncho kuyambira tsiku la opareshoni mpaka patapita tsiku lathunthu chichitikire kuunikira komaliza, wodwala amalamulidwa kuvala magalasi apadera otchinga kuwalako, ndipo nthawi imeneyi imakwana mwezi wathunthu kapena kuposa. Akalakwitsa, kagalasi kakhoza kusintha kokha mopotoka, ndipo zikatero nthawi zina pamafunika opareshoni ina yokachotsa. Kampani ija idaonjezera chotchinga pa tigalasi take ta masiku ano, komabe madokotala salola wodwala kuyenda padzuwa maso ali pamtunda. Tsono aliyense aganizire za mlimi wa ku Domwe kapena ku Tsangano, kumapiri kumene dzuwa limabaya kuposa kuchigwa, amene tsiku lake lonse limathera panja: kumunda, kudimba, kudambo ndi ng'ombe, pa mtondo, pa chitsime. Mandala amene adzukulu amakonda kuseweretsa ndiwo akhale mlonda wa diso kwa mwezi wonse?

Palinso maulendo. Pa nthawi imene FDA inkavomereza kagalasika, idanena kuti wodwala amafunika kuunikiridwa katatu kapena kanayi m'kati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, kuonjezera pa maulendo ena onse a pambuyo pa opareshoni. Kuunikirako kumachitika pa makina a kampani yomweyo basi. Kuchokera ku Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo aliyense amene adakwerapo chapa ndi nkhalamba yosaona akudziwa chimene ulendo umodzi wokha umadya, pa ndalama ndi pa mphamvu. Ku Amereka komweko wodwala amalipira yekha madola zikwi zingapo pa diso limodzi, chifukwa thumba la boma lothandiza okalamba limalipirira kagalasi wamba, osati zoonjezerazi.

Ndipo si aliyense amene amaloledwa. Munthu amene kamwana ka diso lake sikakula mokwanira akamudontheza mankhwala, kapena amene adadwalapo herpes m'diso, kapena amene maso ake amagwedezeka okha, sayenera kuikidwa kagalasika. Amakanizanso munthu amene akumwa mankhwala opangitsa thupi kumva dzuwa msanga, ndipo pa mndandanda wake pali mayina odziwika m'midzi muno: tetracycline, doxycycline, chloroquine amene akuluakulu akumukumbuka pa malungo a kale, ndi hydrochlorothiazide, piritsi limene anthu ambiri a nthenda ya kuthamanga kwa magazi amalandira mwezi ndi mwezi.

Nanga phindu lake pa zonsezi ndi lotani? Pa kafukufuku wa maso 600 amene FDA idaunika, patatha miyezi 6 anthu a kagalasi kosinthika ankatha kuwerenga, popanda mandala, pafupifupi mzere umodzi woonjezera pa chikwangwani choyezera maso poyerekeza ndi anthu a kagalasi wamba. Mzere umodzi. Amene adayezetsapo maso akuchidziwa chikwangwani chija cha zilembo za E zoloza uku ndi uku, chachikulu pamwamba, tating'ono pansi. Agogo a ng'ala yokhwima saona ngakhale chilembo chachikulu chija. Amangoona mthunzi wa dzanja likamagwedezeka pamaso pawo. Kagalasi wamba, ngati m'diso mulibe nthenda ina, kamawachotsa pa mthunzi wa dzanja n'kuwafikitsa pa mizere ya m'munsi. Ulendo wautaliwo ndi wa kagalasi wamba, ndipo kosinthika kamangoonjezera phazi lomaliza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akale.

Ngati pali kagalasi kamene anthu a kumudzi ayenera kukadziwa mbiri yake, ndi kotsika mtengo kaja. M'zaka za m'ma 1980 kagalasi kamodzi ka m'diso kankagulidwa pa madola oposa 100, ndipo ambiri ankati luso limeneli si la mayiko osauka. Ku Madurai m'dziko la India, chipatala cha maso cha Aravind, chimene Dr Govindappa Venkataswamy adachiyambitsa m'chaka cha 1976 ndi mabedi 11, chidatsegula fakitale yakeyake ya Aurolab m'chaka cha 1992, ndipo mtengo udagwa kufika pansi pa madola 10. Dokotala wina, Fred Hollows wa ku Australia, adalimbikira kuti mafakitale otere amangidwe ku Eritrea ndi ku Nepal. Iye adamwalira m'chaka cha 1993, koma mafakitalewo adatsegulidwa m'chaka cha 1994 ku Asmara ndi ku Kathmandu. Mnzake Sanduk Ruit wa ku Nepal adakonza njira yochitira opareshoniyi pa kabala kakang'ono kodzitseka kokha, kosafuna ulusi ndiponso kosafuna makina odula. Kafukufuku wa ku Nepal wofalitsidwa m'chaka cha 2007 adayerekeza njira ya manjayi ndi njira ya makina ophwanya ng'ala imene mayiko olemera amagwiritsa ntchito, ndipo adapeza kuti odwala a mbali zonse ziwiri ankaona bwino pafupifupi mofanana. Njira ya manjayi ndiyo yofala m'zipatala za boma ndi za mishoni m'chigawo chino cha Africa, ndipo imayenerana bwino ndi ng'ala zouma, zokhalitsa, zimene zimachokera kumidzi. Tigalasi timene amaika ndi ta mphamvu imodzi yokhazikika, ndipo timakhala m'diso moyo wonse, osafuna kutsukidwa kapena kusinthidwa.

Izi sizikutanthauza kuti funso la nambala n'lopanda pake kwa munthu wa kumudzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limene pa Chipwitikizi amati OMS, lidawerengera kuti anthu 94 miliyoni ali ndi vuto la kuona chifukwa cha ng'ala imene siinachotsedwe, ndipo m'chaka cha 2021 mayiko adagwirizana kuti powerenga ntchitoyi asamangowerenga maopareshoni, koma anthu amene akuonadi bwino pambuyo pake. Chimodzi mwa zimene zimalepheretsa kuona bwino ndi nambala yophonya ija, makamaka pamene gulu la madokotala oyendera lilibe makina oyezera ndipo likuika nambala imodzi kwa aliyense. Woperekeza wodwala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi diso la amayiwa mwaliyeza kutalika kwake kuti mudziwe nambala ya kagalasi?" Limeneli ndi funso laphindu kuposa kufunsa za kagalasi ka ku Amereka. Ndipo ngati nambala yaphonya pang'ono, mankhwala ake alipo kale: patapita masabata 6 diso litapola, wodwala ayezedwe ndi kupatsidwa mandala a pamphuno, amene akhoza kusinthidwa chaka chilichonse popanda makina ounikira. Ambiri amafunanso mandala owerengera kuti aone Baibulo, Korani kapena bowo la singano, ndipo zimenezo si kulephera kwa opareshoni, popeza kagalasi wamba amakaikira kuona patali.

Njira yopitira ndi yodziwika. Munthu amayambira pa chipatala chaching'ono cha pafupi, ndipo a pamenepo amamutumiza kwa wa zamaso, amene m'zipatala za boma amamutcha técnico de oftalmologia. Iyeyo akatsimikiza kuti ndi ng'aladi, amalemba kalata yotumizira, guia, yopita ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kapena amalemba dzina pa mndandanda wodikira madokotala oyendera. Anthu a m'mphepete mwa malire akuchidziwanso chipatala cha mishoni cha Nkhoma ku Malawi, chimene chidatchuka kalekale pa opareshoni ya ng'ala. Munthu aliyense wa pamsika kapena wa pa lamya amene angafune ndalama kuti asungire wodwala malo kapena kagalasi kapadera, ameneyo ndi wakuba.

Mantha a pamudzi ndi omwe aja a kale: akuti amakolowola diso n'kuliika m'mbale, akuti amaikamo la mbuzi, akuti nkhalamba ikagonekedwa siidzukanso. Diso silichoka pamalo pake. Wodwala wamkulu sagonekedwa tulo. Amamubaya jekeseni ya dzanzi pambali pa diso, ndipo amamva madokotala akulankhula mpaka kumaliza. Ntchito yonse imatenga mphindi 15 mpaka 30, ndipo m'mawa mwake amamasula bandeji. Kawirikawiri amachita diso limodzi, linalo n'kudikira nthawi ina. Asanayambe amayeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zikakhala zokwera amayamba azitsitsa.

Pamene mabanja ambiri amagwa ndi pambuyo pake. Agogo akangoona nkhope za adzukulu amati ndachira, ndipo mawa lake ali pa lichero kupeta kapena m'khitchini muli utsi. Diso lochitidwa opareshoni lili ndi bala. Mankhwala odontheza ayenera kudonthezedwa monga adanenera, ndi manja osamba ndi sopo, mpaka masiku ake atakwana. Kwa masabata angapo wodwala asatikite diso, asapete, asapunthe nyemba, asasenze katundu wolemera, ndipo madzi a kudambo asalowe m'diso. Ngati m'masiku oyambawo diso layamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutulutsa mafinya, kapena kuona kwayamba kubwerera m'mbuyo, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi, chifukwa tizilombo tikalowa mkati diso limatha kuonongeka m'masiku awiri. Ndipo ngati patapita miyezi kapena zaka chimbuuzi chabweranso pang'onopang'ono popanda ululu, si ng'ala yomeranso ayi. Ndi kathumba kamene kagalasi kamakhalamo kamene kachita mbuu, ndipo kumene kuli makina a laser amakaboola m'mphindi zochepa munthu ali chikhalire pa mpando.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Kale madokotala ankauza anthu kuti adikire ng'ala ipse, koma ndi njira za lero munthu ayenera kupita pamene ng'alayo yayamba kumulepheretsa ntchito zake. Ng'ala yokhalitsa kwambiri imatha kutupa kapena kusungunuka mkati, n'kutseka njira ya madzi a m'diso. Diso limauma gwa, limapweteka koopsa mpaka mutu, ndipo mtsempha ukafa palibenso kagalasi, kotchipa kapena kodula, kamene kangabweze kuona. Pa zaka zodikirazo ndi pamenenso nkhalamba zimagwera pamoto ndi kuthyoka m'chiuno. Kwa mwana ndiye kudikira n'koopsa koposa. Khanda kapena mwana wamng'ono amene kamwana ka diso lake kakuoneka koyera apite naye kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirira, ndipo choyeracho nthawi zina chimakhala khansa ya m'diso.

Kwa nkhalamba, nyengo yabwino yokonzera ulendo ndi ya pambuyo pokolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala, pamene misewu ndi youma, ndalama ya chimanga ndi mbatata ya kachewere ikadali m'manja, ndipo kugalauza sikunayambe. Abale agwirizane msanga za amene adzaperekeze, amene adzaphike masabata oyamba, ndi amene adzadontheze mankhwala, makamaka wodziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo. Ponyamuka atenge khadi la kuchipatala, guia, chitupa cha wodwala, mapiritsi onse amene akumwa m'mapaketi ake, chipewa cha mlomo waukulu chotchinga fumbi ndi dzuwa pobwerera, ndi ndalama ya chapa ya ulendo wachiwiri wokaonetsa diso.